Makina ochapira ma pad a bizinesi yoyeretsa

Achemwali, mwati muli ndi kabizinesi koyeretsa m'maofesi ndi m'nyumba zingapo ku Lilongwe, anyamata ndi atsikana anu atopa ndi kuchapa ma pad okolopera pansi pamanja, ndiye mukufunsa ngati mugule makina ochapira a front loader (a chitseko kutsogolo), top loader (a chivindikiro pamwamba) kapena twin tub (a zigawo ziwiri, chochapira ndi chokamulira). Ndaona ambiri akungokutchulirani mayina, wina LG wina Samsung wina Defy wina Hisense, koma dzina libwere pambuyo. Muyambe mwaganiza za zomwe muzilowetsa m'makinamo, chifukwa pad yokolopera pansi imabwera ndi zambiri, mchenga, tsitsi, ma staple a mu ofesi, tizidutswa ta mapepala, ndi fumbi lofiira lija la mu October lomwe limasanduka matope likangokhudza madzi. Makina apanyumba anawapangira thukuta ndi tilitsiro ta pa kolala basi. Mchenga ndi umene umawapha, umakakhala mu pampu yotulutsa madzi, umadya labala yotchinga ma bearing, madzi nkulowa, kenako mumangomva makina akulira popota ngati chigayo.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa, ngati ndalama ndi ya makina amodzi gulani twin tub yayikulu, ya 13kg kapena kupitirira apo. Ndikudziwa ena aziti ndi yachikale, yonyozeka, koma taganizani. Ma twin tub ambiri alibe pampu, madzi amangotsika okha kudzera mu paipi mukatsegula, ndiye mchenga umatuluka limodzi ndi madziwo, wotsalira pansi mumauona ndi maso nkuutsuka. Madzi mumathira nokha ndi ndowa kapena hozi, kutanthauza kuti tsiku lomwe pampopi pakungodontha kapena pauma ntchito siyiima bola muli ndi mgolo wamadzi. Ilibe bolodi ya kompyuta yoti ipse magetsi akabwera mwamphamvu, ili ndi timer yopotokola ndi dzanja ndi ma mota awiri, ndipo amisiri ambiri amatha kuyikonza. Mota yake imadya ma watt mazana ochepa, jenereta yaing'ono imaikwanitsa. Magetsi akathima pakati pa ntchito mumangotsegula chivindikiro nkutulutsa ma pad anu. Komanso madzi omwe mwatsukuluzira ma pad oyera pang'ono mutha kuyambira nawo kuchapa akuda kwambiri, bilu ya madzi nkuchepako.

Kuipa kwake ndikuuzeniso. Imafuna munthu woima pompo, kuthira madzi, kusamutsa ma pad kupita mbali yokamulira, kubwezanso, ndiye wantchito mmodzi muziwerengera kuti maola amenewo sali kwa kasitomala. Mbali yokamulira imakhala yaing'ono kuposa yochapira, zomwe mwachapa kamodzi mumakamula kawiri. Muikenso pamalo pokwererako kuti paipi itsetsereke bwino, apo ayi madzi akuda amatsalira mkati. Ndipo siitenthetsa madzi, apa ndi pomwe nkhani imasinthira.

Ngati muli ndi kontrakiti ku kiliniki, ku lodge, ku sukulu ya mkaka kapena kulikonse komwe mumatsuka zimbudzi za anthu ambiri, madzi ozizira ndi sopo sizokwanira. Ku zipatala za ku Britain malangizo awo amati nsalu zichapidwe pa 65°C kwa mphindi zosachepera 10 kapena pa 71°C kwa mphindi zosachepera 3 kuti majeremusi afe. Front loader ndi imene ili ndi element yotenthetsa madzi yokha, mumangosankha 60 kapena 90 (60 siyifika pa 65 ija, ndiye pa ntchito yotereyi ndi 90), pamene ma top loader ambiri amadalira giza yanu. Front loader imasamalanso madzi, kuchapa kumodzi mwina malita 50 kapena 60, pamene top loader yodzadza imatha kupitirira 100. Imakamula bwino kwambiri, dramu imazungulira ka 1200 mpaka 1400 pa mphindi, ndipo zimenezi mudzaziyamika dzinja, January ndi February kunja kuli mvula tsiku lonse, pad yosakamulika bwino imagona yonyowa, mawa ikununkha chinyontho ndipo fungo limenelo mumakalipaka pansi mu ofesi ya kasitomala, ndiye anthu amayamba kumanena kuti oyeretsawa akadutsa mumanunkha.

Koma front loader ili ndi zofuna zake. Element ija imakoka pafupifupi 2000W, ka inverter kapanyumba sikangaithe, ndipo mayunitsi aziyenda. Imafuna madzi a mphamvu, mabuku ake ambiri amati osachepera 0.5 bar, komwe ndi ngati thanki ili mamita 5 pamwamba pa makinawo, ndiye ngati thanki yanu ili pa kasitandi kafupi iziima nkumaonetsa error. Magetsi akathima chitseko chimatha kukhala chokhoma madzi ali momo. Pulogalamu ya 60 imatenga maola awiri kapena kuposa. Mukagula imeneyi, tsiku lomwelo gulaninso chotetezera magetsi chija timati fridge guard, chokwana 13 amp, chifukwa bolodi ikapsa mtengo wake umawawa ndipo nthawi zina mumadikira ichokere ku Joni. Pansi pake kutsogolo pali kachitseko, mkati muli sefa ya pampu, kwa inu imeneyo ndi yotsegula sabata iliyonse, muzipezamo tsitsi ndi ma staple.

Top loader ya automatic ine sindiyilimbikitsa kwenikweni pa ntchito iyi, imamwa madzi ambiri, ili ndi bolodi, imafunabe madzi a pampopi, koma kutentha nthawi zambiri ilibe. Kupatula Speed Queen, ija ya ku America yomwe ma laundry ndi ma guest house ambiri ku South Africa amagwiritsa ntchito, imeneyo ndi yolimba zedi koma mtengo wakenso ndi wina. Makampani monga Miele ndi Electrolux Professional amapanga makina a ma mop enieni, okhala ndi potulutsira madzi potakasuka kuti nyansi zisatseke, amenewo muwaganizire bizinesi ikakula mpaka mukuchapa tsiku lonse.

China chomwe ogulitsa sakonda kutchula, waranti ya makina apanyumba nthawi zambiri imalembedwa kuti ndi ya ntchito ya pakhomo basi. Akaona kuti mumachapira za bizinesi atha kukana kukonza ulere. Werengani kapepalako musanalipire, afunseni maso ndi maso. Ndipo musanasankhe dzina pitani kaye kwa mmisiri wokonza makinawa mumufunse kuti ndi ati omwe pampu, lamba, labala ya chitseko ndi bolodi zake amazipeza msanga kuno. Yankho lake ndi lofunika kuposa la munthu wa mu shopu. Ngati ndi ya second hand, zunguzani dramu ndi dzanja, ikamalira kapena kugwedera isiyeni, ma bearing atha.

Za ma kg aja samalani, 8kg kapena 10kg amawerengera zovala za thonje zouma. Microfiber, nsalu ya ma pad ija, ndi yopepuka koma imadzadza malo ndipo imamwa madzi ochuluka, ndiye musapanikize mpaka pakamwa, siyani mpata woti zizigubuduka. Ngati muli ndi ma bonnet, nsalu zozungulira za makina ochapira kapeti zija za mainchesi 17, akanyowa amalemera koopsa, mukaika imodzi yokha makina amadumphadumpha pokamula, ikani ziwiri kapena zitatu kuti kulemera kugawikane.

Tsopano kaya mugula ati, apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa makina abwino amafa chaka chisanathe pa nkhani yomweyi. Pad isachoke kwa kasitomala nkulunjika m'makina. Iyambe yakutumulidwa panja, kenako iviikidwe mu beseni kapena mgolo wodula, muitsukuluze mchenga utsikire pansi, madziwo mutaye pa dothi osati mu sinki, ndiyeno ilowe. Ndi ntchito ya mphindi zochepa koma antchito amaizemba akatopa, ndiye muikhazikitse ngati lamulo. Ma pad okhala ndi velcro, zomatira zija, muwamate kapena muwaike m'matumba a neti asamakoke anzawo. Ma pad ozungulira opolishira pansi aja, ofiira, akuda ndi oyera, amenewo salowa m'makina, mumangowathira madzi a hozi nkuwayanika choimika. Nsalu iliyonse yomwe yagwira Cobra, parafini kapena thinner isalowenso, phula limamatirira mu dramu nkumapaka ma pad ena, ndipo parafini ndi madzi otentha pafupi ndi magetsi ndi ngozi ya moto.

Microfiber ndi polyester yosakaniza ndi nayiloni, ulusi wake anaugawa tating'onoting'ono kuti uzigwira fumbi. Sta-soft amatseka timipata timeneto, pad imatuluka yofewa yonunkhira koma siimwanso madzi, imangokankha litsiro pansi. Jik naye amadya ulusiwo pang'onopang'ono. Sopo waufa wamba ndi wokwanira, ndipo muchepetse, chifukwa ma pad amabwera kale ndi sopo wokolopera mkati, mukathira wambiri thovu limasefukira makamaka mu front loader, yomwe imafuna sopo wolembedwa kuti automatic. Musasakanize ndi matawulo kapena ma mop a thonje, microfiber imatola ubweya wonse nkukausiya pa matailosi ndi pa magalasi. Kutentha onani pa kalebulo, ambiri amapirira 60, ena mpaka 90. Dryer musataye nayo ndalama, moto wake ukachuluka umatha kuononga ulusi, dzuwa lathuli likwanira.

Ndipo chonde ma pad a kuchimbudzi asachapidwe limodzi ndi a kukhitchini. Njira yosavuta ndi ya mitundu, ofiira kuchimbudzi ndi kubafa, obiriwira kukhitchini, abuluu m'maofesi ndi m'makonde, achikasu komwe kuli odwala. Yambani kuchapa obiriwira, ofiira akhale omaliza, mukatha muyendetse makina opanda kanthu ndi madzi otentha kapena mutsuke twin tub yanu ndi Jik pang'ono, nkusiya chivindikiro chotsegula kuti muume. Zovala za ana kunyumba zisamalowe m'makina amenewa ngakhale Lamulungu.

Ndiye ngati makasitomala anu ndi maofesi ndi nyumba zokha monga mwanenera, twin tub yayikulu ikukwanirani pakadali pano. Tsiku lomwe mwapeza kiliniki kapena lodge, onjezerani front loader ya 8kg kapena 9kg yokhala ndi pulogalamu ya 60 ndi 90, twin tub ija isanduke yochotsera matope ma pad asanalowe mu inayo. Mutiuze kuti mumachapa ma pad angati patsiku komanso ngati pamalo panu pali thanki, kuti tikuthandizeni pa kukula kwake.