Yankho: Mwana wobadwa masiku asanakwane, mkaka wa m'chitini kapena wanu?

Achemwali, mwati mwana wanu wabadwa pa miyezi 7, ali m'chipatala, sakutha kuyamwa, ndipo apongozi akuti mugule mkaka wa m'chitini. Ine ndikuti ayi, limbikirani wanu womwewo.

Matumbo a kamwana kotere ndi osakhwima. Mkaka wa m'chitini umawonjezera chiopsezo cha matenda otupitsa ndi kuola matumbo, pomwe wa m'mawere umateteza. Woyamba uja, wachikasu wokhuthala, musautaye. Ngakhale ndi madontho ochepa chabe, anamwino amamuthira m'kamwa.

Kuyamwa, kumeza ndi kupuma pamodzi mwana amakutha akamayandikira masabata 34 kuwerengera pomwe mimba inayambira, ndiye panopa adzimwera m'kapaipi ka m'mphuno kapena m'kakapu. Inuyo muzifinya maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe, mutasamba m'manja, m'kapu yowiritsa. Masiku oyamba umatuluka pang'ono, mpaka mtima kuwawa. Musataye mtima, mukamafinya pafupipafupi umabwera.

Adokotala akalola, muikeni pachifuwa khungu ndi khungu, kangaru ija. Amafunda, ndipo mkaka wanu umachuluka. Apongozi apatseni ntchito yokuphikirani phala ndi thobwa.