Mayeso Ati Azichitika Poika Module?

Funso: Ndalemba module (kachigawo ka pulogalamu koti ena agwiritse ntchito) yanga yoyamba m'chilankhulo cha mapulogalamu cha Perl ndipo ndikufuna kuitumiza ku CPAN, nkhokwe ya pa intaneti ya ma module a Perl. Mayeso oona ngati ikugwira bwino ndili nawo ambiri, ena ochedwa kwambiri. Kodi onse azichitika munthu akamaiika pa kompyuta yake? Wophunzira, Zomba.

Yankho: Ayi achimwene, osati onse. Munthu akaika module ndi cpanm, pulogalamu yoikira ma module a ku CPAN, mayeso onse a mu foda ya t/ amayamba okha, ndipo amodzi akangolephera, module siyilowa. Ndiye m'menemo musiye okhawo otsimikiza kuti code yanu ikugwira pa makina a mnzanuyo.

Chimene chimandipweteka mutu ine ndi mayeso a Test::Pod, oona ngati malangizo a module alembedwa molondola, ali mu t/. Mwaiwala =back, chizindikiro chotsekera mndandanda, m'malangizo, basi munthu wosalakwa walephera kuika module yabwinobwino! Amenewo, pamodzi ndi oona kalembedwe ndi masipelo, ndi ntchito yanu eni ake. Apititseni ku xt/, foda yomwe mayeso ake sachitika poika module, muziwayendetsa nokha ndi prove -lr xt musanatulutse.

Ochedwawo, komanso ofuna intaneti, akhale mu t/ koma azichitika pokhapokha woikayo atayatsa EXTENDED_TESTING, chizindikiro choti akufuna mayeso owonjezera. Olemba zida za Perl anagwirizana zimenezi ku Lancaster, ku England, mu 2013. Kumbukiraninso kuti wina amaika module pa seva yomwe siyilola kutuluka kunja, wina bandulo yamuthera pakati.

Ena amangolemba cpanm --notest kuti adumphe mayeso onse. Musawanyoze, nthawi zambiri ndi mayeso osafunikirawo amene anawatopetsa.