Achemwali, musanene kuti kwanu kulibe chojambula

Mwafunsa kuti alekichara akupatsani asainimenti yoti mujambule malo omwe ali ndi tanthauzo kwa inu, nde mukuti kwanu ndi kumudzi basi, kulibe nyanja kulibe phiri lotchuka, mpaka mwayamba kukayika ngati luso muli nalo. Nanenso ndine wophunzira wa zojambulajambula ndipo nkhani iyi imandikhudza kwambiri, nde mundipirire ndilemba motalika.

Taganizirani za Chongoni ku Dedza. Mukakafika kumeneko musayembekezere zodabwitsa, ndi mapiri a miyala, mitengo ya misuku ndi mombo, timapanga tina toti munthu angothawiramo mvula. Miyala yotere ili mbwee ku Dedza konse mpaka ku Ntcheu. Koma mu 2006 a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, anaika Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi chifukwa muli malo 127 a zojambula pamiyala. Nde chasiyanitsa miyala imeneyi ndi ya phiri lina loyandikana nalo ndi chani? Ndi anthu amene anafikapo, nkuchitapo zinthu, nkusiyapo dzanja lawo.

Oyamba anali Akafula, ena amati Abatwa, anthu osaka nyama omwe alimi anawapeza kuno. Iwo ankajambula ndi utoto wofiira, zozungulirazungulira, mizere yondondozana, timadontho. Kenako Achewa anadzajambula ndi dothi loyera, ndi chala osati bulashi, pena pamwamba penipeni pa zofiira zija. Zambiri mwa zoyerazo nza chinamwali, zimaoneka ngati kanyama kotambasula miyendo ukamakaonera pamwamba, ndipo anankungwi ankaphunzitsira atsikana mwambo. Apa mpomwe ndimafuna muimepo kaye achemwali. Amayi amene aja sanapite ku koleji, analibe penti wa mshopu, sankaganiza nkomwe zoti tsiku lina kudzabwera alendo ndi makamera, iwo nkhawa yawo inali yoti namwali asaiwale zomwe walangizidwa nde anatenga dothi lomwe anali nalo pafupi nkuika chiphunzitsocho pamwala poti sichifufutika msanga. Kwa ine luso limayambira pamenepo, uli ndi chinthu chomwe sukufuna chitayike, nkupeza njira yochisungira ndi zomwe zili mmanja mwako. Ku Namzeze, amodzi mwa malo a ku Chongoni komweko, kulinso zojambula za zilombo za nyau, ndipo ofufuza amati zambiri zinajambulidwa nthawi yomwe nyau inkapanikizidwa ndi Angoni, amishoni komanso boma la atsamunda. Anthu akuletsedwa, koma akujambulabe.

Nditapita ku Chentcherere, malo enanso a zojambula ku Chongoni, ndinaona wina atalemba dzina lake ndi makala pambali penipeni pa zojambula zakalezo, zilembo zikuluzikulu zakuda bii. Zinandiwawa zedi. Mwina nayenso amafuna anthu adziwe kuti anafikapo, koma dzina lija siliphunzitsa aliyense kanthu, langophimba ntchito ya amayi aja. Nde si chilichonse chomwe munthu wasiya pamalo chimawonjezera tanthauzo ayi, zina zimachotsa.

Tanthauzo limasinthanso. Ku Mua amishoni anafika mu 1902 ndipo kwa zaka zambiri sankagwirizana ndi anyau, koma mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni, malo a chikhalidwe ndi luso, pamalo omwewo, lero ku Chamare Museum ya pa Kungonipo kuli zigoba za Gule Wamkulu zambirimbiri ndipo amisiri osema aphunzirira pomwepo.

Tsopano kwanuko. Mukapita holide dzukani mbandakucha mukakhale pa mjigo, osatunga ayi, mungoyang'ana. Muone mmene ndowa zimandandalikidwira, eni ake kulibe koma aliyense akudziwa kuti yobiriwira yong'aluka pakamwa ija nja ndani ndipo palibe angaidumphe, muone pomwe simenti yadyeka chifukwa cha mapazi, mumve nkhani zomwe zimakambidwa pamenepo, za maliro, za ukwati, za amene mwana wake wasankhidwa kupita ku sekondale. Mjigo ngati umenewo ulipo mmidzi yambiri koma wa kwanu ndi inu nokha mungaujambule moudziwa. Chimodzimodzi mtengo wa pabwalo pomwe amfumu amaweruzira milandu, chigayo, njira yachidule yopita kusukulu yomwe mapazi a ana anaipanga okha kudutsa mmunda mwa munthu.

Ndipo chonde khalani pansi ndi agogo musanagwire pensulo. Afunseni kuti dambo lija dzina lake linabwera bwanji, chitsime chakale chinali pati, nthawi ya njala ya 2002 anthu ankakumba chani ndipo kuti, ngati alipo okalamba kwambiri mwina akuuzaninso zomwe anaona kapena kumva za njala ya 1949. Mudzadabwa kuti chulu chomwe mumangochidutsa chili ndi nkhani yake. Ife ophunzira vuto lathu timathamangira pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti, kukaona zomwe ena ajambula kunja nkumadzimvera chisoni, chonsecho zinthu zoti wina aliyense mkalasimo alibe tazisiya kumudzi.

Zipangizo zisakudetseni nkhawa. Makala alipo, dothi lofiira lilipo, loyera lilipo, funsani amayi omwe amazira nyumba zawo nkukongoletsa makoma kuti amasakaniza bwanji kuti lisasuluke, ayeseni pa pepala lolimba kapena pa katoni. Alekichara ambiri amasangalala akaona kuti zipangizo zachokera pamalo omwe wajambulawo.

Chenjezo limodzi lokha, kumanda ndi kudambwe musakangolowa ndi foni nkuyamba kujambula. Pitani kaye kwa amfumu mukafotokoze za asainimenti yanu, akakana musakakamire, jambulani njira yopita kumeneko kapena nkhalango yake mukuionera patali. Anthu a pa mjigo nawonso muwapemphe musanawajambule nkhope. Mukayamba masikechi tiponyereni mgulupu muno tione, ine ndidzayankha.