Nyemba zanga zikupsa masamba chonsecho ndikuthirira tsiku lililonse

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa cha ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Akuti anakumbitsa mjigo, anagula pampu ya sola, n'kudzala nyemba mu June. Zinamera bwino, koma zitatha milungu itatu masamba anayamba kupsa m'mphepetemphepete, ndipo masana zimafota ngakhale nthaka ili yonyowa. Madziwo akuti ukamwa amamveka kamchere. Anzawo akuwauza kuti awonjezere feteleza. Funso lawo ndi lakuti: achite chiyani?

Bambo, choyamba musathire fetelezayo. Feteleza nayenso ndi mtundu wa mchere, ndiye mungowonjezera vuto. Nyemba zanu zikufa ndi ludzu zili m'madzi. Muzu umayamwa madzi mosavuta ngati m'nthaka muli mchere wochepa kuposa wa m'kati mwa muzuwo. Mchere ukachuluka kunjako, muzu umalimbana nawo mpaka kutopa, n'chifukwa chake mbewu ikufota dothi lili chinyowere. Wina umakwera n'kukaunjikana m'masamba, ndiye kupsa mukukuonako.

Zulani phata limodzi muone mizu. Nyemba yathanzi imakhala ndi timibulu tomwe mukatiswa ndi chikhadabo timaoneka tofiirira m'kati. Mmenemo ndi momwe mumakhala tizilombo topangira mbewuyo chakudya kuchokera mumpweya. Pamchere timibuluto timachepa, tina timangokhala totuwa. Mbewu za mtundu wa nyemba zimavutika kawiri chifukwa cha zimenezi.

Tsoka lake munasankha imodzi mwa mbewu zosapirira mchere kwambiri. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO lili ndi buku la za madzi othirira la mu 1985, lomwe akatswiri amagwiritsabe ntchito mpaka lero. Mchere amauyeza ndi kachipangizo kooneka ngati cholembera, ndipo muyeso wake amaulemba kuti dS/m. Malinga ndi bukulo, nyemba wamba zimayamba kutaya zokolola mchere wa m'nthaka ukangopitirira 1.0, ndipo ukakwera ndi 1 wina zokolola zimatsika ndi pafupifupi 19 pa 100 alionse. Mtedza umapirira mpaka 3.2, khobwe mpaka 4.9, soya mpaka 5.0. Mapira amafika 6.8, thonje 7.7. Mukaona manambala awiri omalizawa mumvetsa kuti makolo a ku Chigwa cha Shire sanali opusa polimbikira mapira ndi thonje. Dera lanulo mchere suyamba lero: kale Amang'anja ankatcheza mchere kuchokera m'dothi lomwelo n'kumagulitsa kwa anthu akumtunda.

Ndiye ine ndikanakhala inu, nyemba ndikanazisiya n'kudzala khobwe. Amakonda kutentha kwa kwanuko, masamba ake ndi ndiwo, ndipo pamsika safuna wokakamiza. Koma musanagule mbewu, tungani madzi m'botolo loyera, pampu itayenda kaye mphindi zingapo, mukapemphe alangizi kapena a zamadzi kuboma akuyezereni. Lilime silidalirika. Madzi osafika 0.7 alibe vuto ku mbewu iliyonse. Kuyambira 0.7 mpaka 3.0 mukhoza kulima, koma mosamala. Akapitirira 3.0 ngakhale khobweyo ayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo pamenepo ndi bwino kuwerengera mofatsa ngati ulimi wa chilimwe ukupindulirani.

Pali masamu amodzi amene ndikufuna muwasunge. Tiyerekeze kuti madzi anu ali pa 2.0. Ndiye kuti lita imodzi ili ndi mchere wopitirira pang'ono galamu imodzi, ndipo ndowa ya malita 20 ili ndi magalamu pafupifupi 25. Zikuoneka zochepa. Koma hekitala imodzi ikamwa malita 4 miliyoni pa nyengo yonse, zomwe sizachilendo kotentha, mwathira matani 5 a mchere, matumba 100 a makilogalamu 50. Dzuwa limatenga madzi okha, mchere limausiya. Chaka choyamba mukhoza kukolola ndithu, vuto limadzaoneka chaka chachiwiri kapena chachitatu ngati mcherewo sukuchoka.

Njira yowuchotsera ndi imodzi yokha, kuutsitsa pansi kupitirira mizu. Apo ndi apo thirirani madzi ochuluka kuposa omwe mbewu ikufuna, kuti otsalawo atsike nawo mchere. Izi zimatheka pa dothi lolowa madzi msanga. Ngati munda wanu uli pa makande, dothi lakuda lija long'aluka m'chilimwe, madzi amangodikha ndipo mchere umabwereranso pamwamba. Simunandiuze dothi lanu, koma ngati ndi makande kumbani kaye ngalande yotulutsira madzi, apo ayi sankhani mbali ina ya munda. Mvula ya dzinja ndiye imatsuka bwino kuposa pampu iliyonse, choncho dzalani msanga mvula ikangotha, nthaka ikadali yotsukika, osadikira mpaka August.

Mukadzapita kumunda masana, yang'anani pamwamba pa mizere. Muona kayera ngati wina wawaza ufa woyera. Madzi akamayenda m'khwawa la pakati pa mizere amakankhira mchere kumtunda, n'kukauma pansonga penipeni, pomwe ambirife timaponya mbewu. Inu dzalani m'mbali mwa mzere, cha m'munsi pang'ono. Phimbani nthaka ndi mapesi kapena udzu kuti dzuwa lisaumitse msanga, ndipo musalole dothi kuuma gwa musanathirirenso, chifukwa likamauma mchere wotsalawo umakhala waukali kwambiri. Madzi azipita pansi, asamagwere pamasamba, makamaka dzuwa likaswa mtengo. Ngati mungapeze madzi abwinoko, kaya a mumtsinje kaya a mvula osungidwa, agwiritseni ntchito milungu iwiri kapena itatu yoyambirira, poti mbewu yanthete ndiyo imapsa msanga.

Za nyemba zili m'mundazo, sindikunamizani, zambiri sizibereka zoti n'kubweza ndalama. Zithirireni mokwanira kamodzi, muziphimbire, zomwe zingapulumuke mudye ziwisi. Mukayezetsa madzi munditumizire nambalayo pamodzi ndi chithunzi cha dothi, tione ngati khobwe angakwane mbali yonse kapena muyambe ndi mizere khumi yokha.