Chala chanu chili pa mawu amene simunawaone

Mayi wina wanditumizira imelo. Amayang'anira gulu la pa Facebook la anthu ochokera mudzi umodzi amene akukhala m'tauni. Membala wina analemba kuti anthu asonkhe ndalama zokonzetsera mjigo wa kumudzi, ambiri n'kupanga like, ena n'kulemba m'munsimo kuti "mwalankhula bwino". Patapita masiku atatu mwini wake anasintha mawuwo, positi ija n'kusanduka yonena kuti a komiti anadya ndalama za chaka chatha. Ma like ali pompo, "mwalankhula bwino" uja alinso pompo. Mayiyo akufunsa ngati si koyenera kuti zosintha zotere zizisungidwa poti aliyense n'kuziona.

N'koyenera, mayi. Koma tiyambe ndi chimene chimachititsa kuti zimenezi zitheke, chifukwa apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Mukaposita, kompyuta ya kampani imapatsa positiyo nambala yake. Mawu anu amasungidwa pansi pa nambalayo. Wina akapanga like, chimene chimalembedwa ndi zinthu zitatu basi: ndani, pa nambala iti, nthawi yanji. Mawu amene anawerenga salembedwa pamenepo ayi. Zili ngati munthu wadinda chala pa envelopu, kalata ili m'kati. Mwini wake akasolola kalatayo n'kuikamo ina, chala chija sichifufutika, ndipo amene akuona envelopuyo lero amangoti anthu onsewa akugwirizana ndi zimene zili m'katimu. Amene anadinda aja sauzidwa kanthu. Facebook situmiza uthenga kwa munthu kuti positi imene unaikonda ija yasintha.

Makampani anakumana nalo kale vutoli, ndipo aliyense analithetsa mwa njira yake. Facebook inalola kusintha ma positi mu 2013, n'kusunga mawu akale poti aliyense angathe kuwatsegula. Twitter, imene pano ndi X, inakana kwa zaka zambiri chifukwa cha mantha omwewa. Itavomera mu 2022 inaika malire: olipira okha, m'kati mwa mphindi 30, kasanu kokha, ndipo mawu akale azioneka. Nthawiyo anadzaiwonjezera kufika ola limodzi. Chimene anachita bwino n'chakuti mawu osinthidwa amapatsidwa nambala yatsopano, choncho akale aja sakhala atafafanizidwa. Apple, pa pulogalamu yake yotumizirana mauthenga ya iMessage, imalola mphindi 15, kasanu, ndipo wolandira akagunda pa mawu oti "Edited" amaona zonse zimene zinalipo. WhatsApp inabweretsa zosintha mu May 2023, mphindi 15 zomwezo, koma imangolemba kuti uthengawu wasinthidwa, osaonetsa kuti poyamba unkati chiyani. Telegram nayonso imangoika chizindikiro.

Chizindikiro chokhacho ine sindichiwerengera. Chimaika m'dengu limodzi munthu amene wakonza chilembo chimene chala chinaphonya ndi munthu amene watembenuza nkhani yonse. Owerenga akaona "edited" kangapo n'kupeza kuti kunali kungokonza sipelo, amasiya kulabadira, ndipo tsiku limene pasinthidwa chinthu chachikulu palibenso amene amacheuka. Komanso chimapatsa wolakwa pobisala. Mukamufunsa amangoti ndimakonza Chichewa, ndipo inu mulibe chomutsutsira. Umboni umene umatsala ndi screenshot, chinthu chimene mwana wa sekondale angapeke pa foni m'mphindi zochepa, moti mkangano umangosanduka wa mawu anga ndi mawu ako.

Anthu akuba anazindikira kale kuti envelopu yodindidwa zala zambiri ndi katundu wamtengo. Bungwe la Full Fact la ku Britain, limene limafufuza nkhani zabodza, linalemba mu 2023 za ma positi abodza amene anadzaza m'magulu a pa Facebook a m'madera osiyanasiyana. Kachitidwe kake n'kamodzi. Amaika chithunzi cha mwana amene akuti wasowa, kapena galu wovulala, kapena gogo amene akuti wasochera, n'kupempha kuti sheyani msanga. Nthawi zambiri amatseka makomenti kuti wina asalembe kuti chithunzichi n'chakale. Anthu achifundo akasheya mokwanira, mwini wake amasintha zonse, positi ija n'kukhala yotsatsa nyumba ya lendi imene kulibe kapena link yokukokerani kumene akakubereni. Ndiye pa tsamba la mayi wolemekezeka wa kumpingo pamapezeka malonda achinyengo ooneka ngati iyeyo ndi amene akuwavomereza, anzake n'kukhulupirira chifukwa cha dzina lake. Kwathu kuno ngozi yofanana nayo ili pa mauthenga a zopereka. Uthenga wa maliro kapena wa wodwala uli ndi nambala ya Mpamba kapena Airtel Money, anthu ausheya, kenako manambala awiri n'kusinthidwa. Palibe amene amaloweza nambala ya chipepeso.

Ena amati yankho n'losavuta: munthu akasintha positi, ma like onse afufutidwe ayambirenso. Ayi, zimenezo zimabala vuto lina. Anthu amaumira ma like awo. Mukawalanga chifukwa chokonza, amasiya kukonza, ndipo tsiku lolakwika la msonkhano kapena mulingo wolakwika wa feteleza umakhala pomwepo mpaka kalekale chifukwa mwini wake sakufuna kutaya chiwerengero. Enanso amati tiziwerenga zilembo: zikasintha zochepa tisiye, zikachuluka tichitepo kanthu. Pulogalamu ya Discourse, yoyendetsera magulu okambirana pa intaneti, imachita zofanana ndi zimenezi m'mphindi zisanu zoyambirira, pamene zosintha zazing'ono sizilembedwa koma zazikulu zimalembedwa. Pa mphindi zisanu palibe vuto, poti anthu amakhala asanawerenge. Koma pakadutsa nthawi, kuwerenga zilembo n'kudzinamiza. Taonani Chichewa chathu chomwechi. "Akubwera" ndi "sakubwera" zikusiyana chilembo chimodzi. K5,000 ndi K50,000 zikusiyana ziro mmodzi. Makina owerenga zilembo anganene kuti apa sipanasinthe kanthu, pamene munthu amene anawonjezera ndime yonse yothokoza angamugwire ngati wakuba.

Amene anaganiza bwino pa nkhaniyi ndi a Stack Overflow, kumene akatswiri a makompyuta amafunsana mafunso. Kumeneko ukavotera yankho, voti yako imakhomedwa pakatha mphindi zisanu, sungaibwezenso. Koma mwini yankho akangolisintha, voti ija imamasuka, ndipo uli ndi ufulu woichotsa. Ndiye kuti anavomereza kuti unavotera mawu aja, ndipo mawu akasintha pangano lasintha. Zosintha zonse amazionetsa bwinobwino, zochotsedwa zofiira, zowonjezedwa zobiriwira, ndi dzina la wosintha ndi nthawi yake. Wikipedia nayo yakhala ikusunga mbiri ya zosintha pa nkhani iliyonse kwa zaka zoposa 20, ndipo n'chifukwa chake tsamba limene aliyense angalembepo silinasanduke dzala. Chimene chikusowabe pafupifupi paliponse ndi chaching'ono kwambiri: kuonetsa kuti mwa ma like awa, angati anabwera mawu asanasinthe. Nthawi ya like iliyonse ili kale m'kaundula, nthawi ya kusintha ilinso momwemo. Kungoyerekeza ziwirizi basi. Kusachita zimenezi ndi kusankha, si kulephera kwa makina.

Ndipo kaundulayo asamasiye oyang'anira. Mu November 2016 mkulu wa tsamba lokambirana la Reddit, Steve Huffman, anavomera kuti analowa mwakachetechete n'kusintha makomenti a anthu amene ankamutukwana, kuchotsa dzina lake n'kuikapo mayina a oyang'anira gulu limene anthuwo ankalembamo. Panalibe chizindikiro chilichonse chosonyeza kuti pasinthidwa kanthu. Anapepesa, koma anthu anali atadziwa kale kuti mawu olembedwa pansi pa dzina lako akhoza kukhala a wina. Wogwira makiyi ndiye woyamba kufunika kulembedwa akatsegula chitseko.

Pamene kusunga mbiri kumapweteka

Pali malo amodzi pamene otsutsa akunena zoona. Munthu akhoza kuika mwangozi chithunzi cha chitupa chake, dzina la mwana amene wachitidwa nkhanza, kapena matenda a m'bale wake. Akachotsa koma mbiri n'kusungabe, ndiye kuti sanachotse kanthu, wangoloza anthu poyang'ana. Mankhwala ake si kutaya mbiri yonse. Wikipedia imalola oyang'anira kubisa zimene zili m'kusintha kumodzi, koma mzere wake umatsala wokhwatchidwa, kusonyeza kuti apa panali kanthu ndipo pabisidwa. Ku Stack Overflow, woyang'anira mmodzi akafuna kufufuta zachinsinsi mu mbiri, mnzake wachiwiri ayenera kuvomereza. Pa Facebook mwayi umenewo mulibe, choncho positi yotere ichotsedwe yonse n'kulembedwanso, osangoisintha.

Tsono inu mayi, za gulu lanulo. Tsegulani positiyo, gundani pa timadontho titatu ta pakona, sankhani "View edit history". Mawu a mjigo aja muwapeza ndi tsiku lake. Musangojambula screenshot nokha. Uzani a komiti ndi ena awiri atatu atsegule pa mafoni awo adzionere okha, chifukwa mwini wake akaichotsa positiyo mbiri imapita nayo limodzi. Kenako lembani m'gulumo mawu akale ndi atsopano, ndi masiku ake, kuti amene anapanga like asankhenso, ndipo dandaulo la ndalama za chaka chatha alilembe palokha ngati ali nalo. M'ma settings a gulu muli poyatsa "Approve edits", kuti zosintha zizidikira inu kaye. Yatsani. Ndipo ikani lamulo limodzi: uthenga uliwonse wokhala ndi nambala yotumizira ndalama, kuchuluka kwa ndalama kapena tsiku la mwambo usasinthidwe, ngati palakwika, alembe watsopano, wakalewo admin atseke makomenti n'kulembapo kuti wathetsedwa.