Kodi n'zoona kuti Amitabh Bachchan anagwapo mpaka kusowa pogwira?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga tsamba lino. Iwo akuti Amitabh Bachchan amangomudziwa ngati gogo wa ndevu zoyera amene amafunsa anthu mafunso pa kanema, ndipo akufuna kudziwa ngati n'zoona kuti paunyamata wake anali katswiri woposa onse m'mafilimu a ku India, komanso kuti nthawi ina ngongole zinamufika m'khosi. Mayi, zonse ziwirizo n'zoona.

Bachchan anabadwa pa 11 October 1942 mumzinda wa Allahabad, umene masiku ano ukutchedwa Prayagraj, ndipo bambo ake, a Harivansh Rai Bachchan, anali mlakatuli wodziwika m'chilankhulo cha Chihindi. Atamaliza maphunziro ku Delhi anagwirako ntchito ya mu ofesi ku Calcutta, kenaka anaisiya n'kupita ku Bombay, mzinda umene masiku ano ukutchedwa Mumbai. Filimu yake yoyamba, Saat Hindustani, inatuluka mu 1969, koma ambiri mwa mafilimu otsatira sanagulidwe, moti ena ankaona ngati mnyamata wamtali ndi woondayu sadzapita patali.

Zinthu zinatembenuka mu 1973 ndi filimu ya Zanjeer, momwe anasewera ngati wapolisi wokwiya ndi katangale. Nthawi imeneyo ku India kunali ulova, kukwera mitengo kwa zinthu ndiponso ziphuphu, choncho munthu wamba atamuona Bachchan akulankhula ndi mawu ake aja onzuna, osamwetulira, akulimbana ndi anthu amphamvu, anaona mkwiyo wake womwe uli pa chinsalu. Deewaar ndi Sholay, onse a 1975, anamukhazika pampando. Umboni wa chikondi cha anthu unaoneka mu July 1982, pamene anavulala koopsa m'mimba akujambula ndewu ya mufilimu ya Coolie ku Bangalore. Ali gone m'chipatala ku Bombay, khamu linkachezera panja, ena akupemphera m'makachisi, m'mizikiti ndi m'matchalitchi, ndipo atachira opanga filimuyo anasintha mathero ake kuti munthu amene iye ankasewera asafe.

Za ndale sindichedwapo: anapambana mpando wa phungu wa Allahabad mu 1984 ndipo anautula mu 1987.

Tsopano za ngongole zija. M'zaka za m'ma 1990 anatsegula kampani ya ABCL, yopanga mafilimu ndi kukonza zisangalalo, imene inayendetsanso mpikisano wa Miss World ku Bangalore mu 1996. Kampaniyo inalowa pansi, okongoza ndalama anayamba kumulondola, mafilimu ake atsopano sankayendanso malonda, ndipo zaka zake zinali zitapitirira 55. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti m'mawa wina anapita kunyumba kwa Yash Chopra, wopanga mafilimu, n'kukapempha ntchito. Apa ndi pamene ine ndimamugomera kwambiri, chifukwa munthu amene dziko lonse linamupempherera analolera kugogoda pakhomo la mnzake ngati wongoyamba kumene. Chopra anamupatsa mbali ya mphunzitsi wamkulu wouma mtima mu Mohabbatein ya 2000, momwe mnyamata wachikondi anali Shah Rukh Khan. Chaka chomwecho anavomera kutsogolera pulogalamu ya mafunso ya Kaun Banega Crorepati, imene inu mwaionayo, ngakhale kuti masiku amenewo akatswiri a mafilimu ankaiona kanema ya m'nyumba ngati yochepa kwa iwo. Ndalama za ntchito zimenezi n'zimene zinamuthandiza kubweza ngongole.

M'kuona kwanga, luso lake lakuya linaoneka atavomereza ukalamba. Mu Black ya 2005 anali mphunzitsi wa mtsikana wosaona ndi wosamva, ndipo mu Piku ya 2015 anali bambo wovuta amene amangodandaula za m'mimba. Mafilimu awiriwa anamupezera mphoto ya dziko ya wosewera wopambana, monganso Agneepath ndi Paa. Ngati mukufuna poyambira, mayi, onerani Deewaar kenaka Piku, ndipo mukadzafika ku Mumbai Lamulungu madzulo, mudzapite ku Juhu, kumene anthu amasonkhanabe pachipata cha nyumba yake ya Jalsa kudikira kuti atuluke awabayibitse.