Kodi ku Serengeti kunalibe anthu?

Funso: Zikomo akonzi. Mwana wanga wabwera kuchokera kusukulu akunena kuti ku Serengeti, ku Tanzania, kwakhala nyama zokhazokha chiyambire kalekale. Kodi n'zoona?
Mayi wa ku Rumphi

Yankho: Ayi mayi, si zoona. Anthu a mtundu wa Amasai ankadyetsa ng'ombe zawo m'zigwa zimenezo, ndipo ankatentha udzu wouma kuti msipu uphuke komanso nkhupakupa zichepe. Atsamunda a ku Britain anasandutsa malowo kukhala paki mu 1951. Mu 1958 akuluakulu a Amasai anasainitsidwa pangano losiya malowo, ndipo mu 1959 anthu anasamutsidwira ku Ngorongoro, dera loyandikana ndi Serengeti, atawalonjeza kuti azikhalako ndi ziweto zawo popanda wowavutitsa.

Chimene chimandiwawa mtima ine n'chakuti atsamunda atapita, nkhanzazi sizinathe. Mu 1975 boma la Tanzania linawaletsa kulima ku Ngorongoro. Mu 2022 linazika zipilala ku Loliondo, dera linanso la Amasai loyandikana ndi Serengeti, n'kupatula malo okwana masikweya kilomita 1,500, ati oteteza nyama, pomwe eni ake ankamwetsako ng'ombe m'chilimwe.

Poti muli ku Rumphi, mwanayo mupite naye kwa agogo a kwanuko. Akamufotokozere mmene Aphoka anachotsedwera m'midzi mwawo pamene boma linkakulitsa paki ya Nyika mu 1978.